Kachikopa ka Nguluwe M'chitsime cha Boma

Sendererani kuno, inu akumbuyoko, mawu anga safikanso patali. Nandoloyo muzisenda muli pompano, manja azigwira, makutu azimva. Iyi si nthano ayi, palibe chovomera. Ndi za ine ndemwe.

Ndowa yoyamba yachitsulo imene ndinaiona pa moyo wanga inali ya Boma. Inali yotuwa ngati phulusa, yolemera, kunsi kwake yopindika chifukwa chogunda miyala, ndipo m'mbali anadindamo chizindikiro chimene aphunzitsi anati ndi chisoti cha mfumu ya azungu. Inkalendewera pa unyolo pamwamba pa chitsime. Ukapukusa chogwirira, unyolowo unkalira kweee, kweee, kumveka mpaka kumunda kwathu. Ife tinazolowera mitsuko ndi zikho, zinthu zoti ukagwetsa walira. Iyi ukaigwetsa inkangoti ngwee, n'kudzuka ili yomweyo. Ndinkaiopa, komanso ndinkaikonda.

Kumeneko kunali kwa Kawinga, mbali ya ku Chikweo, anyamata asanayambe kutengedwa kupita ku nkhondo yachiwiri ya azungu. Zaka zanga sindizidziwa, koma mano akutsogolo anali atangomera kumene. Midzi inali iwiri, mtsinje wouma pakati. Kutsidya kunali Ayao, Asilamu, ndi mzikiti wawo wa udzu. Kuno tinali ife Alomwe, ndi kachalichi kathu kamene kanalinso sukulu. Iwo ankatitcha Anguru, ife tikakwiya tinkawatcha Achawa, ndipo mayina onse awiriwo musawatchule pamaso pa anthu, amaluma.

Ife tinali obwera. Makolo athu anathawa kwa Mpwitikizi, kuthawa ntchito yokakamiza ndi thabwa lija lobooka lomenyera m'manja. Amayi anadutsa malire ali kumsana. Ayao anatipatsa malo, izi ndinene, asadzati agogo anabisa. Anatipatsa malo a kumchenga, koma anatipatsa. Nawonso kale anali obwera. Agogo awo anafika ndi mfuti, nagwira anthu n'kumakagulitsa, mpaka asikali a azungu anadzawatenthera malinga. Ndiye Boma lomwelo limene linawatenthera malinga ndi limene linadzawapatsa ufumu ndi bwalo la milandu, kuti aziweruza ndi ife tomwe. Msonkho tinkapereka tonse, koma pabwalo pankakhala iwo, ife tinkakhala pansi. Izi ndikuzidziwa lero. Nthawi imeneyo ndinkangodziwa kuti kutsidya kuli mnzanga.

Chitsimecho anakumba ndi amuna a m'mudzi mwathu. Atsibweni, alongo awo a amayi, ndiwo ankatsikira pansi penipeni ndi khasu lalifupi, chingwe m'chiuno, n'kumatuluka ali oyera ngati adya ufa. Bambo anali kuntchito ku Halale, ndiye nyumba yathu inkayang'aniridwa ndi atsibweni. Anali munthu wamawu akulu, woseka ndi thupi lonse, wosachedwa kupsa mtima. Atapeza madzi analawa oyamba ndiwo, n'kukuwa kuchokera m'dzenjemo kuti, "Uzani akazi aleke kudzola mafuta, kusamba kwabwera."

Mzungu wa zitsime atamaliza kumanga ndi simenti, anaika chivundikiro chachitsulo ndi loko, n'kupereka kiyi kwa mfumu. Mfumu inapereka kwa munthu wake wa kutsidya, amene tinkangowatcha akapitawo. Akapitawowo ndiwo anali bambo a mnzanga uja. Sanali munthu woipa. Anali wofatsa, wamantha ndi Boma, kiyi ankamumangirira pakhosi ndi luzi ngati chithumwa. Ndiwo anagamula kuti akutsidya azitunga m'mawa, chifukwa cha mapemphero, ife dzuwa likapendeka. Koma dzuwa likapendeka madzi amakhala atatsika, ndowa inkabwera ndi matope.

Atsibweni ankati, "Wokumba ndine, wakumwa matope ndinenso."

Komabe anthu ankakhala. Akazi akakumana pachitsime, awa akuchoka awa akufika, ankanyozana moseka.

"Inu Anguru, njoka zatha kodi kutchireko, mukuoneka oonda?"

"Zatha, amayi. Tikudikira mutigulitse monga ankachitira agogo anu, mwina kumeneko tikanenepa."

Onse kuseka, kutwikana mitsuko, kubwerekana nkhata. Ine ndinkayesa kuti kuseka ndi kuseka basi.

Mnzanga anali wamsinkhu wanga, wamano otalikirana, wodziwa kusewera phada kuposa mwana aliyense. Ankatsalira dala pachitsime kuti tikumane. Iye ankandiitana kuti mjangu, ndiye kuti mnzanga m'Chiyao, ine ndinkamuyankha m'Chinyanja chosakaniza, tinkamvana.

Chilimwe chimenecho chinali choopsa. Nyenje zinkalira mpaka mutu kupweteka, mchenga unkaotcha mapazi, mbuzi zinkangoima pamthunzi lilime panja. Nguluwe nazo zinavutika kutchire, zinayamba kulowa m'chinangwa chathu. Atsibweni anatchera mbuna, dzenje lokutira ndi udzu, n'kugwira imodzi yaikulu. Tsiku limenelo mudzi wonse unanunkhira. Amayi anandipatsa kanthuli kootcha, kamafuta, kachikopa kake kali pomwepo ndi ubweya wopserera, n'kunena kuti, "Idya ukupita, mtsuko uwo."

Tsono mverani apa. Amayi anali ndi lamulo limodzi limene sankasewera nalo. Mwana wakuba ankamukalipira, wonama ankamutsina, koma mwana wodya yekha mnzake akuyang'ana ankamumenya ndi mkwapulo. Ankati, "Womana ndi mfiti yaing'ono. Ngakhale kakhale ngati chikhadabo, nyema." Ndi mmene anapulumukira pa ulendo wochokera kwa Mpwitikizi, kunyemerana. Lamulo limenelo linali m'manja mwanga, silinkadutsanso m'mutu.

Ndinafika pachitsime msanga, akazi a kwathu asanabwere. Akapitawo anali atatsekula, ali uko pansi pa mtengo akusinza. Mnzanga anali pomwepo. Anayang'ana dzanja langa. Ine ndinanyema, n'kumupatsa.

Anafunsa, "Nyama yanji?"

Ndinati, "Ya kutchire."

Sindinaname. Za haramu ndinali nditamvapo, koma ndinkayesa kuti ndi nkhumba ya m'khola yokha, ija yodya zonyansa. Iye anadya, anati ikukoma. Kachikopa kanamukanika kutafuna, anakalavulira m'dzanja. Tinakweza ndowa tili awiri, tinasambamo m'manja mafuta aja, ndipo poona kuti madzi ada, tinachita mantha kuti akapitawo atikalipira tikawataya pansi, pakuti kutaya madzi chilimwe chimenecho unali mlandu. Ndiye tinawabwezera m'chitsime. Ndi kachikopa komwe.

M'mawa mwake mkazi wina wa kutsidya anakweza ndowa, kachikopa kali yandaa pamwamba, ubweya uli njoo. Aliyense ankadziwa amene anapha nguluwe dzulo lake. Pofika masana nkhani inali itakula. Sikanalinso kachikopa, unali mwendo wathunthu. Sanalinso wogwera, anali ataponyamo atsibweni dala, chifukwa cha mawu awo aja a matope. Akapitawo anatseka chivundikiro, loko khethe, kwa onse.

Muyenera kumvetsa, kwa iwo sichinali chinthu chaching'ono. Madzi amenewo ankasambira popita kukapemphera. Anali atamwa, ataphikira, atamwetsa ana. Ndinaona mayi wina wachikulire akulira, akudzikanda lilime ndi kamtengo. Sankanamizira.

Njira yokonzera inalipo, ndipo inali yapafupi. Amwalimu a kumzikiti anauza aphunzitsi athu kuti chitsime chikapidwe madzi onse mpaka pansi, chitsukidwe, atsopano akabwera apemphere, basi chayera. Ntchito ya tsiku limodzi. Anthu awiriwo ankagwirizana, ankabwerekana njinga. Koma akape ndani? Akutsidya anati, "Woipitsa ndiye atsuke." Atsibweni anati, "Ndikatsikamo ndiye kuti ndavomera. Ndinakumba, sindinaipitse." Akapitawo anati mzungu analamula kuti munthu asatsikemo popanda chilolezo chake, simenti ingagumuke. Anapita kwa mfumu, mfumu inati chitsime ndi cha Boma. Aphunzitsi analemba kalata ya ku Boma, mesenjala anapita nayo. Tinadikira. Mwezi unaoneka, unakula, unayamba kutha. Yankho silinabwere.

Akutsidya anali ndi kadziwe kawo kakale kuseri kwa phiri, kamadzi ochepa, anabwerera kumeneko, ndipo anaikako anyamata ndi zibonga kuti ife tisayandikire. Ife tinkapita kudambo lakutali. Kunyamuka kukucha, kubwerera dzuwa lili pamutu, mtsuko umodzi. Madzi ake obiriwira, ofunda, onunkha ndowe za ng'ombe, tizilombo tofiira tikuvina m'katimo. Amayi ankasefa ndi nsalu yawo ya kumutu. Khosi langa linatupa ndi mtsuko, mapazi anang'ambika.

Ndipo ine ndinali chete. Tsiku lililonse ndinkadzuka nditatsimikiza kuti lero ndinena. Ndinkaona atsibweni akhala pakhonde akusongola mivi, osasekanso, ine n'kungowadutsa. Ndinkaopa mkwapulo, inde, koma makamaka ndinkaopera mnzanga. Ndikanena ine, iye adziwika kuti anadya. Adzamutani? Tsiku lina panjira ya kudambo ndinayamba, "Amayi, tsiku lija la nyama..." Amayi sanatembenuke. Anangoti, "Yang'ana njira, ungagwetse madzi." Ndinameza mawuwo, n'kuthokoza mumtima kuti sanamve.

Kenaka mng'ono wanga anadwala. Anali wakhanda, wongoyamba kukwawa, ndinkamubereka ndine amayi akamasinja. Anatsekula m'mimba masiku atatu. Liwombo linalowa, maso analowa, kulira kwake kunasanduka ngati kwa kamwana ka mphaka. Tsiku lachinayi analeka. Amayi anamusambitsa ndi madzi omwewo a kudambo, pakuti ena kunalibe. Anamukulunga m'kamphasa kakang'ono, atsibweni anamunyamula ndi dzanja limodzi.

Pochokera kumanda amuna sanabalalike. Anakhala pansi pa mtengo wa mango mpaka dzuwa kulowa, akuyankhula Chilomwe chokhachokha, chija chakale chimene ife ana sitinkachimva bwino. Aphunzitsi anayesa kulowapo, anati tidikire sabata imodzi. Atsibweni anawayankha mwaulemu, ndipo ulemuwo ndi umene unandiopsa. Anati, "Aphunzitsi, kalata yanu ikadzabwera mukaiwerengere kumandako."

M'mawa mwake, dzuwa litangotuluka, ananyamuka ndi nyundo yophwanyira loko. Anatenganso mauta, mikondo ndi zikwanje, ati zongodzitetezera. Akutsidya anali atamva. Anatulutsa mfuti za gogodela zimene agogo awo anabisa m'madenga nthawi imene azungu ankalanda, mfuti zothira onga kukamwa, zipolopolo zake misomali ndi zidutswa za miphika yachitsulo. Ine ndinazemba, ndinakwera pachulu m'munda wa chinangwa. Ndinali nditaganiza kuti ndikuwa, ndinene kuti ndine. Ndinafika mpaka potsekula pakamwa.

Akapitawo anaima pa chivundikiro chenichenicho, manja ali m'mwamba, opanda chida. Ndinamva akunena kuti, "Achimwene, loko uyu si wanga." Atsibweni anati, "Ndiye chokanipo." Sanachoke. Wina anamukankha mnzake. Sindinaone kuti anayamba ndani, ndipo amene amati anaona amanama. Ndinangomva phuu, nkhanga zonse za m'tchire kuuluka pamodzi. Utsi woyera unakwera, wonunkha ngati mazira oola. Kenaka kukuwa, kuthamanga, phuu wina. Sizinatenge nthawi, mphika wa nyemba sukanawira n'komwe. Utsi utachoka, atsibweni anali pansi atagwira ntchafu, magazi akutuluka pakati pa zala. Amuna ena awiri ankakwawa. Akapitawo anali atakhala pansi, atatsamira simenti, muvi uli pansi pa nthiti, akuuyang'ana ngati akudabwa kuti wachokera kuti. Anamwalira dzuwa lisanafike pamutu. Madzulo ake nkhokwe zinapsa mbali zonse ziwiri, chimanga cha chaka chonse, awa kubwezera awo, awo kubwezera awa.

Boma limene silinayankhe kalata mwezi wathunthu linafika m'masiku awiri. Galimoto, mzungu, asikali. Anatisonkhanitsa pamtsinje wouma paja, awa uku, awa uku. Womasulira anati bwana akuti iyi ndi nkhondo ya mitundu, anthu inu munazolowera kuphana kuyambira kale. Za kalata sanatchule. Aphunzitsi ataimirira kuti akumbutse, msikali anawakhazika pansi ndi thako la mfuti. Analanda gogodela ndi mauta, anatentha mulu umodzi. Anatenga amuna mbali zonse. Atsibweni anawanyamula pamachira, mwendo utatupa ngati mtondo. Woponya muvi sanadziwike, koma wopha nguluwe ankadziwika.

Ndipo bwana anagamula kuti anthu osatha kugawana madzi sayenera chitsime. Asikali anachotsa unyolo, natikakamiza tonse, Ayao ndi Alomwe, akazi ndi ana, kututa miyala n'kuponya m'dzenje lija mpaka kudzaza. Inali ntchito yoyamba imene midzi iwiriyo inagwira pamodzi. Mnzanga ndinamuona tsidya la mulu wa miyala, mutu wometedwa chifukwa cha maliro. Anandiyang'ana, ndinamuyang'ana. Aliyense anaponya mwala wake. Msika wa thonje umene ankati adzatimangira chaka chotsatira anaupititsa kwina, ati kuno n'kwa anthu ovuta. Msewu nawo unatsata msika.

Ndikakhala lero ndimaganiza kuti, midzi iwiri, chitsime chimodzi, kiyi mmodzi pakhosi pa mbali imodzi, mwini chitsime ali kutali kosafika mawu. Mukaika agalu awiri anjala pa mbale imodzi, musadzati agaluwa anabadwa odana. Koma sindichotsa mlandu pa amuna athu kapena awo. Tsiku limodzi lokapa madzi linawakanika onse.

Tsono mukufuna kudziwa za aliyense.

Atsibweni anakhala kundende ku Zomba zaka zingapo. Anabwera ndi mwendo wouma, akuyenda ndi ndodo, mawu atachepa. Sanakumbenso kanthu, ngakhale dzenje la nthochi. Anamwalira ndisanakwatiwe.

Bambo anabwera kuchokera ku Halale ndi bulangeti ndi kansapato ka mwana amene anapeza ali kumanda. Anatisamutsa, tinawoloka Shire, tinadzapempha malo kwa Nsamala kuno ku Balaka. Ndi chifukwa chake inu munabadwira kuno.

Aphunzitsi anawachotsa, ati ankalowerera za ndale. Ndinamva kuti anathera kusoka zovala pakhonde la sitolo ya Mmwenye. Amwalimu anakhalabe kumzikiti kwawo, ndipo akuti chaka chilichonse ankatumiza mpunga kwa aphunzitsiwo mpaka imfa.

Amayi anakalamba m'manja mwanga. Za tsiku la nyama sitinakambepo, ngakhale kamodzi.

Mnzanga ndinakumana naye ndili kale ndi zidzukulu, pa siteshoni ya sitima ku Balaka. Ankagulitsa usipa. Ndinamuzindikira ndi mano aja. Tinakhala pansi pamthunzi, tinafunsana za ana, za amuna, za maondo. Kenaka ndinalimba mtima. Ndinati, "Mjangu, ndikhululukire. Ndikanangonena, bambo ako sakanafa."

Anati, "Kunena chiyani? Ine ndinanena tsiku lomwelo kachikopa kataoneka. Amayi anandisambitsa, anandimwetsa madzi a mchere kuti ndisanze. Bambo anamva. Amwalimu anamva, anati mwana wosadziwa alibe tchimo. Madzulo ake amayi anga anawoloka mtsinje mozemba kukauza amayi ako, amayi ako n'kuuza atsibweni ako."

Ndinati, "Iyayi."

Anati, "Onse ankadziwa kuti tinali ife. Akuluakulu onse, mbali zonse. Anangogwirizana chinthu chimodzi chokha, kuti mayina athu asatchulidwe pabwalo."

Ndinakhala pamenepo sitima ikubwera, ikupita. Zaka zonsezo ndinasenza mng'ono wanga, akapitawo ndi mwendo wa atsibweni, ndikuyesa kuti mawu anga amodzi akanawaletsa. Mwana amaganiza kuti akulu akamenyana ndiye kuti pali chimene sakudziwa, ndipo akangouzidwa aleka. Pachulu paja ndinali ndi choonadi m'kamwa, ndikulira kuti chandikanika kutuluka, pamene amuna onse amene anaima pachitsimepo, wauta ndi wamfuti yemwe, anali nacho kale.